Maziro a m'kabuku ka amalume

Amalume anga a ku Kachulu ali ndi kabuku ka chikuto cholimba, kamtundu uja timagulira ana sukulu ikamatsegulidwa, koma kawoko kananyowa n'kuuma kangapo konse moti masamba ake anafufuma. M'menemo amalemba milamba imene yatuluka m'miono yawo tsiku ndi tsiku. Matemba salemba, poti matemba sawerenga, amangoyeza pa chidebe. Mlamba ndiye umawerengedwa, chifukwa ukawambidwa uliwonse umakhala ndi mtengo wakewake. Anayamba kulemba mawondo atayamba kuwavuta, pamene ntchito yoonjola miono anaisiyira anyamata awiri aganyu.

Tsiku lina atabwera m'tauni kudzaonetsa mawondo omwewo kuchipatala, anagona kwathu ku Chinamwali. Titatha kudya anatulutsa kabukuko m'jumbo n'kukaika patebulo. "Mphwanga, iwe amati ndiwe wamanambala. Taona apa. Nsomba zikutha m'nyanjamo, kapena ndi anyamata angawa?" Ndinajambula masamba onse pa foni, ndipo m'mawa mwake iwo anabwerera kunyanja ndi kabuku kawo.

Ndine wamanambaladi, ngakhale si wotchuka. Mu Zomba muno a ntchito imeneyi tilipo ambiri, poti likulu la National Statistical Office lili konkuno, ndipo ku University of Malawi chaka ndi chaka kumatuluka achinyamata odziwa statistics. Ine ndimadya za maganyu. Mabungwe akachita kafukufuku amandipatsa data kuti ndiwasanthulire, ophunzira a digiri yachiwiri nawo amandipeza nthawi yolemba ikawapanikiza. Ndiye kabuku ka amalume ndinakatenga ngati ntchito ya madzulo amodzi. Inandidyera milungu itatu, kuphatikizapo ulendo wa ku Kachulu umene ndikanayenera kuyambira.

Ndinalemba zonse mu Excel: tsiku, miono imene inali m'madzi, milamba imene inapezeka. Nditajambula gilafu, mzati woyamba, wa ziro uja, unaima ngati phiri la Zomba ukamaliona uli ku Matawale. Mizati ya 1, 2, 3 mpaka kutsogolo inali ngati zulu m'munsi mwake, kenako patali ndithu panali timasiku tochepa ta milamba yambirimbiri. Maziro ena sanandivute. Kabukuko kanayambira mu 2018, ndipo aliyense kuno akukumbukira mmene nyanja ya Chilwa inaphwera kumapeto kwa chaka chimenecho, mabwato ali gone pamatope ong'ambika padoko la Kachulu, mpaka mvula yamphamvu ya mu 2019 inadzabweza madzi. Chilwa ndi wosaya, alibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo anaumapo kale mu 1968 ndi mu 1995. Miyezi imeneyo ndinaiika pambali osaganiza kawiri. Amene anandisowetsa tulo ndi maziro omwazikana m'miyezi imene nyanja inali ndi madzi ake.

Munthu ukapatsidwa zinthu zowerenga, kaya nsomba, kaya ngozi za pamsewu, kaya maulendo a kuchipatala, poyambira ndi pa Poisson. Dzinali ndi la Siméon Denis Poisson wa ku France, amene analemba masamu ake mu 1837. Poisson ndi modelo ya nambala imodzi yokha. Ukaiuza avareji, yokha imakuuza zina zonse: masiku angati adzakhale a nsomba imodzi, angati a ziwiri, angati a ziro. Mwayi wa ziro ndi e^−λ, pomwe λ ndi avareji ija ndipo e ndi nambala yokhazikika ya m'masamu, pafupifupi 2.718. Avareji ikakhala 2, mwa masiku 100 yembekezani maziro 13 kapena 14. Ikakhala 3, maziro ndi 5 basi. Ndipo ili ndi lamulo lake losasintha, loti kumwazikana kwa manambala, kumene timati variance, kukhale kofanana ndi avareji.

Apa ndiime kaye, chifukwa pali chinthu chimene ophunzira ambiri amene amabwera kwa ine amachiphonya. Kuchuluka kwa maziro pakokha si vuto. Mu 1898 Ladislaus Bortkiewicz anasindikiza manambala a asilikali a ku Prussia amene anafa atamenyedwa mateche ndi mahatchi pa zaka 20, kuyambira 1875 kufika 1894. Mukatenga magulu 10 a asilikali amene mabuku ambiri amagwiritsa ntchito, gulu lililonse mzere umodzi pa chaka, mizere imakwana 200, imfa 122, avareji 0.61. Mizere 109 ndi ya ziro, kuposa theka. Koma Poisson pa avareji imeneyo imalosera maziro 108.7. Maziro ndi ambiri, inde, koma si oposa muyeso. Chinthucho chinali chosachitikachitika, n'chifukwa chake. Funso silakuti maziro ndi ochuluka kodi, koma lakuti achuluka kuposa amene modelo yako ikuyembekezera kodi.

Kwa amalume anali ochuluka kuposa, ndipo osati pang'ono. Variance inasiya avareji kutali. Poisson inkalosera timaziro tochepa, n'kumaunjika masiku ambiri pa 1 ndi 2 pomwe m'kabukumo panali pafupifupi mbee.

Zikatere pali njira ziwiri zachidule zimene ndimaziona kawirikawiri, ndipo ndisanamizire ena okha, inenso ndinadutsamo ndili wamng'ono pantchito. Yoyamba ndi kufufuta mizere yonse ya ziro, ati "tingoona masiku amene kunali nsomba". Yachiwiri ndi kuwonjezera 1 pa nambala iliyonse, kutenga log (masamu opanikiza manambala aakulu kuti achepe), n'kuyendetsa regression wamba, njira yoonera mmene chinthu china chimasinthira chinzake, ngati palibe chachitika. Yachiwiriyi imaoneka yaulemu, koma funsani woichitayo chifukwa chake wawonjezera 1 osati 0.5 kapena 0.1. Alibe yankho, pomwe zotsatira zimasintha malinga ndi nambala imene wasankha. Ndipo phiri la maziro lija silichoka, limangosamukira pa log ya 1, imene ndi ziro yemweyo. Za kufufuta ndibwererako pansipa ndi masamu ake.

Chimene ndinayesa pambuyo pa Poisson ndi negative binomial. Iyi imavomereza kuti masiku safanana. Milamba siyenda momwazikana bwinobwino m'nyanja yonse ngati yagawidwa ndi a komiti. Imaunjikana m'mabango, imatsata madzi atsopano mvula ikagwa, ndipo mono umodzi ukhoza kudzaza pomwe unzake pafupi pomwepo muli mbee. Modeloyi imawonjezera nambala yachiwiri, imene ambiri amaitcha k kapena theta, yoyeza kuunjikana kumeneko. Ikakhala yaing'ono, ndiye kuti kuunjikana n'kwakukulu. Manambala amene ndikupereka apa ndangowasankha kuti masamu aoneke poyera, si a m'kabuku muja: avareji ikakhala 1.8 ndipo k ndi 0.5, negative binomial imalosera maziro 47 mwa masiku 100, pomwe Poisson pa avareji yomweyo imalosera 16 kapena 17. Onani kusiyana kwake. Popanda kuganizira za gulu lina lapadera la maziro, kuunjikana kokhako kwabala maziro pafupifupi theka. N'chifukwa chake ndimauza ophunzira kuti asathamangire ma modelo a mayina aatali asanayese iyi. Katswiri wa ku Australia, David Warton, anaonetsa mu 2005 kuti pa data yambiri yowerenga zamoyo, negative binomial wamba imakwanira ngakhale maziro atachuluka chotani.

Kwa amalume inathandiza, koma siinakwanire. Kuti ifikire phiri la maziro lija inkayenera kutambasula mchira wake kwambiri, mpaka kumalosera masiku a milamba yochuluka zedi imene amalume sanaionepo chibadwire.

Ndiye ndinafika pa zero-inflated Poisson, imene timangoti ZIP. Anaifotokoza bwino ndi Diane Lambert mu 1992, akugwira ntchito ku AT&T Bell Laboratories, ndipo nkhani yake siinali ya nsomba. Inali ya zilema pa timatabwa ta zipangizo zamagetsi. Anaona kuti makina akakhala kuti atcheredwa bwino, zilema sizituluka n'komwe, koma akasokonekera pang'ono zilema zimabwera mwa apo ndi apo monga mwa Poisson, ndipo ngakhale pamenepo thabwa lina likhoza kutuluka lopanda chilema mwamwayi chabe. Ndiye kuti ziro ali ndi makomo awiri olowera. Pali ziro woti chinthucho sichikanatheka n'komwe, ndi ziro woti chikanatheka koma sichinachitike. Papepala onsewo amaoneka chimodzimodzi.

Tiyerekeze ndi masiku 100. Pa masiku 40 palibe wapita kukaonjola, ndiye nsomba sizingapezeke ngakhale nyanja itadzaza nazo. Pa masiku 60 otsalawo anyamata apita, ndipo avareji yawo ndi milamba 3. Mwa masiku 60 amenewo, pafupifupi 3 abwerako chimanjamanja mwa tsoka chabe. Maziro onse pamodzi akwana 43. Milamba yonse ndi 180, ndiye avareji ya masiku onse 100 ndi 1.8, koma variance yafika pafupifupi 4. Poisson wamba ikuona 1.8 n'kumayembekezera maziro 16 kapena 17, pomwe alipo 43. Uja wofufuta maziro atsala ndi masiku 57, agawa 180 ndi 57, apeza 3.16. Nambala imeneyo si ya masiku onse, komanso si ya masiku opita kumadzi, chifukwa wataya ndi maziro atatu enieni aja amene amanena zoona za nyanja. ZIP ikamagwira bwino imabweza manambala awiri, 40 pa 100 ndi 3. Koma singakuuzeni kuti ziro wa Lachiwiri lakutilakuti ndi wa khomo liti. Imangoti mwa maziro 43, pafupifupi 40 ndi a khomo loyamba.

ZIP ili ndi mbale wake, hurdle, imene John Mullahy anailemba mu 1986. Iyi siifuna kudziwa za makomo awiri. Imagawa nkhani pawiri: choyamba, kodi ndi ziro kapena ayi, ndipo apa imagwiritsa ntchito logistic regression, masamu a mafunso a inde kapena ayi. Chachiwiri, kwa okhawo amene adumpha mpandawo, nambala yawo ndi yotani, ndipo apa imagwiritsa ntchito Poisson kapena negative binomial yodulidwa kuti isakhalenso ndi ziro. Ndimaikonda pa nkhani ya maulendo a kuchipatala. Mayi wa ku Jali kuti apite koyamba ku Zomba Central zimatengera ndalama ya thiransipoti, wosiyira ana, ndi mmene matenda amupwetekera. Koma akafikako, woti abwerenso kangati ndi dokotala. Zinthu ziwirizi zimayendetsedwa ndi anthu osiyana, ndiye n'zomveka kuzipatsa masamu osiyana.

Mu R, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira data, zonsezi ndi mizere yochepa. Phukusi la pscl lili ndi zeroinfl ndi hurdle, MASS ili ndi glm.nb, ndipo ngati muli ndi anthu kapena midzi imene mwaiyeza mobwerezabwereza, glmmTMB imalola random effects, zoganizira kusiyana kwa munthu ndi munthu kapena mudzi ndi mudzi, pamodzi ndi gawo la maziro. Ogwiritsa ntchito pulogalamu ya Stata ali ndi zip ndi zinb. Chenjerani ndi kamsampha kamodzi kamene kanandigwira ine usiku wina magetsi atazima, laputopu itatsala ndi moto wochepa, ndikuwerenga mothamanga. Mu zeroinfl, gawo la maziro limalosera mwayi wokhala ziro wa khomo loyamba lija, ndiye coefficient, nambala yoonetsa kumene chinthu chikukokera, ikakhala ya plus ndiye kuti maziro akuchuluka. Mu hurdle ya phukusi lomwelo, gawo limenelo limalosera mwayi wodumpha mpanda, ndiye plus akutanthauza kuti maziro akuchepa. Zizindikiro zimatembenuka. Ndinagona ndikukhulupirira kuti nyengo ya mvula ikuchita chosiyana ndi chimene inkachita.

Posankha pakati pa ma modelo ndinayang'ana AIC, nambala yoyerekezera modelo imene ikukwana bwino, ndipo koposa apo ndinayerekeza masiku a 0, 1, 2, 3 amene modelo iliyonse ikulosera ndi amene analidi m'kabuku. Vuong test, imene mabuku akale ankailimbikitsa poyerekeza ZIP ndi Poisson, ndinaisiya. Paul Wilson anaonetsa mu 2015 kuti siyoyenera pa ntchito imeneyo. Yopambana inali zero-inflated negative binomial. Koma ma standard error a gawo la maziro, manambala oonetsa kukula kwa chikayiko, anali aakulu ngati mbiya, chifukwa modeloyo inkavutika kusiyanitsa maziro a kuunjikana kwa nsomba ndi maziro a khomo lina lija. Zinthu ziwirizi zimakanganirana maziro omwewo. Ndinali ndi tebulo lokongola, koma chonena kwa amalume ndinalibe.

Musandimve molakwa, sindikunyoza ma modelo amenewa. Pali malo amene alibe mlowam'malo. Taganizani za likodzo, limene lili ponseponse m'midzi yozungulira Chilwa ndi m'minda ya mpunga ya ku Likangala ndi ku Domasi. Poyeza amatenga mkodzo wa mamililita 10, kawirikawiri pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana pamene mazira a tizilomboto amatuluka ochuluka, amausefa, n'kuwerenga mazira pa maikulosikopu. Mazira 50 kapena kuposa, a World Health Organization amati matendawo ndi aakulu. Ana ambiri amatuluka ndi ziro. Ena mwa iwo alibedi likodzo, mwina sasamba kumtsinje, mwina anamwa praziquantel, mankhwala a likodzo, posachedwa. Ena ali nalo lochepa, ndipo tsiku limenelo m'kabotolomo simunagwere dzira. Mwanayo simungamufunse kuti ziro wako ndi wamtundu wanji, sakudziwa. Mukhoza kumuyeza masiku angapo otsatizana ngati ndalama zilipo, koma nthawi zambiri palibe. Apa modelo ya makomo awiri ikuchita ntchito imene munthu sangaichite ndi pakamwa.

Koma amalume ali ndi pakamwa, ndipo foni yawo ndinali nayo. Chimene chinandiletsa kufunsa ndi kunyada basi. Ndinkafuna kupita kwa iwo ndi yankho, osati ndi funso.

Loweruka lina ndinanyamula laputopu n'kutsetserekera kunyanja. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akutembenuza milamba pa waya, utsi uli tolo, maso ali psuu. Titalonjerana n'kufunsana za kunyumba, ndinawayalira nkhani yanga. Ndinati makompyuta akuonetsa kuti mwa maziro awo, gawo lalikulu likuoneka ngati la masiku amene nsomba sizikanapezeka n'komwe, koma sindingathe kuloza kuti ndi masiku ati.

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anaitana mdzukulu wawo kuti akatenge kabuku kaja m'nyumba. Anatsegula tsamba lina n'kuika chala chakuda ndi mwaye pa mzere umodzi.

"Uyu ndi chiyani?"

"Ziro, amalume."

"Nanga uyu?"

"Zironso."

"Tayang'anitsitsa, mphwanga."

Woyambayo anali ziro wozungulira bwinobwino. Wachiwiriyo anali ndi kamzere kodutsa pakati. Ndinali nditawaona maziro odulidwawo pa zithunzi zija, koma ndinkaganiza kuti ndi kalembedwe chabe, monga amachitira ena pofuna kuti ziro asafanane ndi chilembo cha O. Ayi ndithu. Ziro wodula anali wa tsiku limene palibe anapita kumadzi. Anayamba kundiwerengera mmodzimmodzi ngati akutchula ana awo. Uyu kunali maliro kwa a mfumu. Awa atatu bwato linkathonya, tinkalimata. Uyu mnyamata wamkulu uja anadwala malungo ndipo wamng'onoyo sapita yekha. Awa chiperoni chinavuta. Awa otsatizanawa anyamata anapita kwawo kukakolola.

"Safunsa anadya phula," anatero akubwerera ku waya wawo, osandiyang'ana n'komwe.

Chimene modelo yanga inkavutika kuyerekeza kwa milungu iwiri, ndi ma standard error ake aja, chinali cholembedwa kale m'kabukumo, mzere ndi mzere, ndi munthu amene sanamvepo za Lambert. Ine ndi amene ndinachifufuta polemba mu Excel.

Tinakhala pamkeka mpaka dzuwa kupendeka, iwo akuwerenga, ine ndikuwonjezera kolamu yatsopano yoti "anapita" kapena "sanapite". Pomwepo ndinazindikira cholakwa china. Mu modelo ndinali nditaika kuchuluka kwa miono ngati offset, kuti tsiku la miono yambiri lisayerekezedwe ndi la miono yochepa ngati n'zofanana. Koma ndinkagwiritsa ntchito miono imene inali m'madzi, osati imene inaonjoledwa. Tsiku losapita, miono yoonjoledwa ndi ziro, ndipo log ya ziro kulibe. Masamuwo okha akanandikanira mzere umenewo ndikanaika nambala yoyenera. Komanso mono ukakhala masiku atatu osaonjoledwa, nsomba za tsiku lachinayi si za usiku umodzi. Masiku ena aja a milamba yambirimbiri, amene ankakoka mchira wa gilafu, anali otsatira maziro odula. Offset yoyenera inali miono kuchulukitsa ndi mausiku amene yakhala m'madzi, ngakhale amalume anandichenjeza kuti mono sumangodzazabe mpaka kalekale, nsomba zina zimatuluka, zina zimadyana.

Nditachotsa masiku osapita n'kukonza offset, negative binomial wamba inakwana bwino lomwe. Maziro otsalawo anali pafupifupi amene inkayembekezera. Gawo lapadera la maziro silinafunikenso.

Koma apa pali pofunika kusamala, chifukwa wina anena kuti si uja umati tisafufute maziro? Kusiyana kwake n'kwakuti awa sanali maziro a nsomba. Tsiku la maliro silinena chilichonse za milamba ya m'nyanja, palibe anayang'ana. Ngati funso ndi lakuti m'madzimo muli nsomba zochuluka bwanji, mizere imeneyo ndi yopanda kanthu, si ziro. Koma funso likasintha, n'kukhala lakuti pakhomo pa amalume pamalowa ndalama zingati pamwezi, kapena ndi masiku angati amene pamakhala ndiwo, ziro wodula uja ndi ziro weniweni. Poto sasamala kuti nsomba zasowa chifukwa cha maliro kapena chifukwa cha nyanja. Pamenepo masiku onse abwerere m'tebulo, ndipo ndi bwino kuyendetsa ma modelo awiri: ina yofotokoza chimene chimalepheretsa anyamata kupita, ina yofotokoza zimene amapeza akapita. Mzere womwewo, tsiku lomwelo, koma malo ake akusintha malinga ndi chimene wafunsa.

Kuyambira pamenepo, bungwe likandibweretsera data ya maziro ambiri, ndimayamba ndapempha fomu imene anagwiritsa ntchito. Chaka china ndinapatsidwa data ya kafukufuku wina wa m'midzi, ya kuchuluka kwa mbuzi zimene zafa pakhomo m'miyezi 12. Maziro anali mbwee, ndipo wotsogolera ntchitoyo anali atalemba kale mu lipoti kuti agwiritsa ntchito ZIP, poti anamva kuti ndi imene ikuyenda masiku ano. Nditaona fomu ya pa tabuleti, funso loti "kodi muli ndi mbuzi?" munalibe, ndipo bokosi la imfa silinkalola kudumphidwa. Ofunsa mafunso akafika pakhomo lopanda mbuzi ankangolemba 0 kuti fomu ipitirire. Funso limodzi la masekondi asanu likanapulumutsa zonse. Nditawauza, anandiyankha kuti ntchito yanga ndi kusanthula, osati kukonza mafomu. Ndinayendetsa ZIP yawoyo, poti panalibenso njira ina, ndinalemba chenjezo langa m'ndime yachiwiri, ndipo lipoti litatuluka ndimeyo munalibe.

Tsono funso la amalume lija. Ndinawauza kuti pa masiku amene anyamata anapitadi, kusintha kwakukulu m'kabukumo kukutsata nyengo ndi kuchuluka kwa madzi, ndipo miono ya munthu mmodzi pa ngodya imodzi ya nyanja singayankhire Chilwa yense. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa zimene ankadziwa kale. Kenako anatenganso kabuku, anatsegula cha kumapeto, n'kundionetsa maziro ena. Awa sanali odula. Anali ozungulira bwinobwino, koma pansi pake panali timizere tiwiri tating'ono, tolembedwa mokanikiza mpaka cholembera kuboola pepala.

"Nanga awa, amalume?"

Anayang'ana kaye kumene kunali anyamata aja, amene ankasoka mono pansi pa mtengo chapatali, n'kutsitsa mawu.

"Awa anapita. Anabwera n'kundiuza kuti mulibe kanthu. Koma madzulo ake mayi wina wogula nsomba padoko anandithokoza kuti milamba yanga ya lero inali yonona." Anatseka kabuku. "Amenewo mu kompyuta yakoyo uwalemba kuti chiyani?"

Ndinatsegulanso laputopu, ndinawonjezera kolamu yachitatu, ndipo tinayambiranso tsamba loyamba. Analipo asanu ndi awiri.